Nambala Imene Inakwirira Kasupe

Ndinabadwira ku malaini a antchito a pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba imene khomo lake linkayang'ana kanjira kotsikira ku kasupe. Amayi ankatchola tiyi. Ine sukulu inandikonda, mpaka ndinakaphunzira za miyala ndi madzi apansi m'tauni, ndipo nditamaliza esiteti yomweyo inandilemba ntchito yoyang'anira madzi. Anthu a ku malaini sanavutike n'kufunsa dzina lenileni la ntchitoyo. Anangoti ndine injiniya, amayi n'kusanduka amake a injiniya, ndipo dzinali ankalikonda kuposa lawo lobatizidwa nalo. Ine ndinkalikana pakamwa pokha.

Kasupe uja ndiye ankamwetsa malaini onse. Madzi ankatuluka pansi pa thanthwe m'kachigwa ka nthochi, ndipo sankaphwa ngakhale chaka cha chilala. Koma anali ndi vuto lake. Mvula ikagwa, zonyansa za kumtunda zinkakokolokera komweko, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Komanso kachigwako kanatsekereza njira, moti malole onyamula masamba ankazungulira kutali kuti akafike ku fakitale. Ndiye a manijala anabwera ndi ganizo looneka labwino mbali zonse: tibowole chitsime chakuya pamtunda, tiike pampu ya magetsi ndi thanki, tikoke mipopi mpaka pa malaini, kenako tikwirire kachigwako msewu udutsepo. Panalibe woipa mtima pa zimenezi. Ndikunena chifukwa anthu akamva nkhani ya pa esiteti amathamangira kufunafuna bwana wankhanza, ndipo m'nkhani ino simumupeza.

Obowola anabwera mu Febuluwale, mvula ili pakati. Makina awo analira masabata angapo, ndipo kuwonjezera pa chitsime anatitulutsira mwala wa pansi womwewo, wodulidwa bwino m'zidutswa zazitali zobulungira ngati munsi. Anaziyala m'mabokosi motsatana, kuyambira za pamwamba mpaka za pansi penipeni, pafupifupi mamita mazana awiri. Madzi anapezeka. Tsiku loyesa pampu anatuluka mwamphamvu, amayi a ku malaini n'kululutira. Koma mu Malichi chitsime chilichonse chimaoneka cha ulemerero, chifukwa nthaka yonse imakhala itakhuta. A manijala ankazidziwa zimenezo, ndipo funso limene anandipatsa linali limodzi. Anati, "Mayi, ndiuzeni kuchuluka kwa madzi amene asungika pansipo. Kodi afika Novembala osaphwa? Mukati inde, kasupe tikwirira. Mukati ayi, tisiya."

Thanthwe la kwathu lilibe nyanja m'kati mwake monga amaganizira anthu. Madzi amakhala m'timipata ndi m'timing'alu tosaoneka ndi maso. Ukadziwa kuchuluka kwa timipatato, umatha kuwerengera madzi amene phiri lasunga. Kayezedwe kake si kovuta. Umaumitsa mwala, umauika pa sikelo, umauviika m'madzi masiku angapo, n'kuuikanso pa sikelo. Kusiyana kwakeko ndiwo madzi amene wamwa. Ine ndinalibe uvuni wa ntchitoyo, ndiye ndinkanyamula zidutswa kupita nazo ku fakitale, n'kuziika pamalo ofunda pafupi ndi poumitsira tiyi. Sikelo yabwino ndinabwereka m'chipinda cholawira tiyi. Anthu a mu fakitale ankandiseka kuti injiniya wayamba kukazinga miyala, ena n'kumafunsa ngati ndiwo zake zipsa liti. Ndinkaseka nawo, koma ntchitoyo ndinaigwira mosamala kwambiri. Chidutswa chilichonse ndinachiyeza kawiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwala umene uli patebulo si wofanana ndi mmene unalili pansi. Pansipo unali utasenza phiri lonse, dothi, miyala inzake, tiyi ndi malaini omwe, ndipo kulemera konseko kumafinya timing'alu n'kutitseka. Ukautulutsa kunja katundu uja amachoka, mwala umamasuka, timing'alu n'kuyasama, tina n'kubadwa nthawi yomweyo. Ndiye mwala wa patebulo umamwa madzi ambiri kuposa amene ukanasunga uli kwawo. Nambala ya patebulo uyenera kuichepetsa. Kuti udziwe kuchepetsa kwake, umatumiza zidutswa kumene kuli makina ofinya mwala monga mmene unkafinyikira pansi, n'kuuyezanso uli wofinyidwa. Zimenezi ndinaziphunzira ndipo mayeso ake ndinakhoza. Musandimvere chisoni ngati munthu amene sankadziwa.

Nanga ndinasiyiranji? Ndili ndi zifukwa ziwiri zimene ndimauza anthu, ndi chachitatu chimene ndi chenicheni. Zitsanzo za m'mabuku athu zinali za miyala ya mchenga, imene imangochepa pang'ono ikafinyidwa, ndiye ndinati ndi kanthu kakang'ono. Komanso kutumiza zidutswa m'tauni kukanatenga miyezi, pamene a manijala ankafuna yankho mvula isanathe. Koma chenicheni ndi ichi. Ndili wamng'ono ndinkaona amayi akufika pa sikelo ndi dengu la masamba, msana utapindika. Kalaliki ankayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero kwagwa mvula, masamba anyowa, tichotsera. Sikelo yanena zake, iye n'kulemba zochepa. Amayi ankameza malovu pamenepo, koma pofika kunyumba mawu oti kuchotsera ankawalavula ngati chinthu chowawa. Lero ndikudziwa kuti masamba onyowa amalemeradi kuposa ouma, ndipo mwina kalaliki uja sankalakwa masiku onse. Koma ine ndinakula ndikukhulupirira kuti munthu wochotsera pa zimene sikelo yanena ndi wakuba wovala bwino.

Ndiye nditafika pa mzere wochepetsa nambala, cholembera chinaima. Ndinadziuza kuti ndayeza ndekha, sikelo sinama, ine sindine kalaliki wa aliyense. Ndinalemba nambala ya patebulo monga inalili, ndinawerengera, ndipo madzi anaoneka okwanira mpaka Disembala n'kutsalako. Ndinasaina ripoti mtima uli mbee.

A manijala anandituma kuti ndikawafotokozere anthu ndekha, poti ndinali wawo. Tinakumana Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, pa shedi yoyezera masamba. Amayi ambiri sanakondwe. Mipopi ankaifuna, koma kukwirira kasupe kunali kwina. Mayi wina wamtali, wa nyumba ya kumapeto kwa laini yathu, anandifunsa mosapsatira.

"A injiniya, madzi a pansiwo mwawaona ndi maso?"

"Ndawayeza, amayi."

"Kuyeza tamva. Ndati mwawaona?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Pamenepo amayi anga anaimirira, n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kulankhula m'Chilomwe monga amachitira akafuna kuti mawu alowe. Anati mwana uyu anakula ndi madzi a kasupe yemweyu, ndipo mayi wake adzakhala akutunga pa mpopi womwewo ndi inu nonse. Angakunamizeni kuti apindule chiyani? Nkhani inathera pomwepo. Ndinabwerera ku ofesi ndikuyenda ngati ndagula msewu wonse.

Kunyada komweko ndiko kunanditumiza zidutswa zitatu kwa aphunzitsi anga akale m'tauni, amene anali ndi makina ofinya miyala. Sindinatumize kuti andiyezere. Ndinkafuna aone kuti mwana wawo ali pa ntchito yeniyeni, ndipo ndinalemba kakalata kuti ophunzira awo angasewere nazo. Kenako ndinaiwala. Mipopi inayamba kutuluka madzi mu Juni, ana n'kumasamba pompo mpaka kukalipidwa. Buludoza yokwirira kachigwa inali yoti ibwere pakati pa Julayi, tsiku Lachitatu.

Kutatsala masiku asanu ndi awiri kuti buludozayo ibwere, tsiku Lachitatunso, foni inalira masana. Kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kozizira mpaka m'mafupa, ndipo ndinali nditaima pakhonde la ofesi. Anali aphunzitsi aja. Atandilonjera anati, "Mayi, zidutswa zanu zija taziika m'makina. Ndiuzeni kuti nambala ya patebulo simunaigwiritse ntchito."

Ndinakanikiza foni kukhutu n'kuyang'ana kamvula kaja.

"Mukundimva? Timipata ta mwala wanuwu pafupifupi tonse ndi timing'alu. Tikangoufinya timatsekeka. Zotsala sizikufika ndi theka lomwe. Uwu si mwala wa mchenga, mayi. Munachepetsa, eti?"

Ndinati ndiimbanso, n'kudula. Ndinakhala pansi pa sitepe yonyowa osamva n'kunyowa komwe. Nditalowa m'kati ndinatseka chitseko, ndinatulutsa ripoti, n'kuwerengeranso ndi nambala yatsopano. Ndinabwereza kanayi, ndikuyembekezera kuti mwina ndaphonya penapake, koma yankho linali lomwelo. Madzi akanatha kumayambiriro kwa Okutobala. Mvula kwathu imabwera kumapeto kwa Novembala, ikafuna. Pakatipo panali masabata asanu ndi awiri kapena kuposa, a dzuwa lowotcha, malaini onse opanda mpopi komanso opanda kasupe. Mantha amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

Chochita chinali chodziwikiratu, ndipo chinali chapafupi: kuyenda masitepe makumi awiri kupita ku ofesi ya a manijala n'kunena kuti imitsani buludoza. Ndinadziuza kuti ndili ndi sabata yathunthu, ndiyambe ndapeza mawu abwino onenera.

Lachinayi m'mawa ndinapita. Ndinapeza ali ndi alendo awiri ochokera ku likulu la kampani, akumwa tiyi. Atangondiona anati, "Lowani, lowani. Awa ndi amene ndimakuuzani aja, mwana wa m'malaini athu momwemu, ndi amene watipezera madzi." Alendo anaimirira n'kundigwira chanza. Mmodzi anati atsikana a kuno ali ndi woti azimuyang'ana. Ndinamwetulira ngati chitsiru, pepala la nambala yatsopano lili m'thumba, n'kutuluka. Panja ndinadziuza kuti nkhani yotere sanenera pamaso pa alendo, ndipo zinali zoona, koma ndinasangalala nazo mopitirira.

Lachisanu ndinawapeza ali okha. Panalibenso chobisalira. Anandiloza mpando, anavula magalasi, n'kufunsa kuti tikuthandizeni chiyani. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zimene zinatuluka zinali zoti mapaipi a ku laini yachitatu akudontha polumikizira. Anazilemba pa kapepala n'kundithokoza chifukwa cha khama.

Kodi ndinkaopa chiyani kwenikweni? Kuchotsedwa ntchito ndinkakuopa, sindinama. Koma ndikatseka maso sindinkaona kalata yondichotsa. Ndinkaona amayi ataimirira pa shedi paja, chitenje atamanga, akulumbirira mwana wawo pamaso pa anzawo amene anatchola nawo tiyi zaka makumi atatu. Ndinkaona mayi wamtali uja akuwayang'ana, osanena kanthu.

Madzulo a Lachisanu lomwelo, dzuwa likadalipo, ndinadutsa kwa amayi monga ndinkachitira masiku onse atatuwo poweruka. Anali ataphika nyemba zija za kalongonda. Amene amamudziwa kalongonda akudziwa kuti safuna ulesi: umamuwiritsa kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wake utatha. Amayi anali atatsika ku kasupe kangapo tsiku limenelo, ngakhale mpopi unali pafupi, ati kutsanzikana naye. Anandipakulira m'mbale n'kunena kuti, "Idya, uyu ndi womaliza wa madzi a kasupe. Wotsatira tiphika ndi madzi a mwana wanga." Ndinadya. Ndinamaliza mbale yonse, ndinayamikira kuti wapsa bwino, n'kutsanzika. Pa njira ndinalumbira kuti Lolemba m'mawa, zivute zitani, ndikanena.

Loweruka ndinapita ku msika ku Khonjeni, osati chifukwa ndinkafuna kanthu, koma kuti ndichoke pamaso pa anthu. Pobwerera, kabaza itangokhota pa mitengo ya bulugamu, ndinamva kulira kwa injini yaikulu kuchokera kumunsi. Ndinamuuza wa kabaza kuti aime, ndinadumpha isanaimitsitse, n'kuthamanga kudutsa m'mizere ya tiyi, matimati akugwa m'jumbo. Nditafika pamwamba pa kachigwa, nthochi zinali zitagona kale. Pamene panali thanthwe la kasupe panali mulu wa dothi lofiira ndi miyala, buludoza ikuyenda pamwamba pake kupita ndi kubwerera. Anthu anali ataima m'mbali, chete, ngati pamaliro.

Ndinakuwa ndikugwedeza manja mpaka woyendetsa anazimitsa.

"Bambo, mesa munati Lachitatu?"

"Ee madamu, koma kwina kuja tamaliza msanga, ndiye abwana anati tingoyamba. Pali vuto? Pepala lovomereza ntchitoyi ndi ripoti lanu lomwe lija."

Anthu onse ankandiyang'ana. Ndinayang'ana muluwo, wotalika kuposa nyumba, ndipo ndinati palibe vuto, ndimangodabwa. Analizanso injini.

Lolemba ndinanena. Zinali zosavuta tsopano, poti panalibenso choti chipulumuke. A manijala anawerenga pepala langa kawiri, nkhope itagwa, ndipo sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anafunsa kuti ndinadziwa liti, ndipo ndinawauza zoona. Kenako anati, "Mawerengedwe anu analakwa kamodzi. Mwina alakwanso kachiwiri, ulendo uno mbali yabwino. Muziyeza chitsimecho tsiku lililonse. Koma anthu musawauze kaye, tingawaopseze pachabe." Ndinavomera msangamsanga. Anali atandipatsa chimene ndinkachifuna, chilolezo chokhala chete, ndipo ndinachilandira ndi manja awiri.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkakwera ku kanyumba ka pampu. Makiyi ankasunga bambo wina wachikulire wosamalira pampuyo, munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, amene ankapukuta makina ake ndi kansalu ngati mbale za alendo. Tinkatsitsira m'chitsime tepi yokhala ndi kachitsulo kumapeto, kamene kamalira kakakhudza madzi. Iye ankatsitsa, ine ndinkawerenga. Nthawi imene tepi inkatsika mwakachetechete, isanalire, ndinkagwira mpweya. Mu Julayi inkalira msanga. Mu Ogasiti ndinayamba kudikira. Mu Sepitembala tepi inkapita, kupita, kupita, mpaka kenako kaphokoso kaja n'kumveka patali.

Tsiku lina bamboyo akukulunga tepi anati, "Madamu, madziwa akuthawa."

"Ndi nyengo, bambo. Chilimwe amatsika ndithu."

Anandiyang'ana pang'ono n'kupitiriza kukulunga. Sanafunsenso, ndipo kusafunsa kwakeko kunkandiopsa kuposa funso.

Ndinayamba kuona madzi paliponse pamene akutayika. Ndikaona mpopi wosatseka bwino ndinkakalipa ngati wamisala. Ndinalalatira mayi wina chifukwa chotsuka mphasa, n'kumusiya ali kakasi, poti ndi ine ndemwe amene ndinawauza kuti madzi ndi osatha. Anthu anayamba kunong'onezana kuti injiniya wayamba matama. Ndinaonda mpaka masiketi ankazungulira m'chiuno. Amayi anaganiza kuti ndi nkhani ya mwamuna, n'kumandifunsa mozungulira kuti ndi wa kuti. Ndikayang'ana kumwamba, thambo linali mbee, lopanda ngakhale kamtambo konamizira.

Sabata yachiwiri ya Okutobala pampu inayamba kutsokomola. Inkakoka madzi kwa kanthawi, kenako mpweya, mapaipi n'kumagwedezeka, ndipo bambo uja ankaizimitsa kuti isapse. Poyamba mipopi inkatuluka m'mawa ndi madzulo, kenako m'mawa mokha, kenako kwa ola limodzi, madzi ake ochepa ngati mkodzo wa mwana. A manijala anachita zimene akanatha. Anaimitsa kuthirira ku nazale, anatumiza thirakitala yokoka thanki, koma thanki imodzi pa malaini onse inkatha anthu akadali pamzere. Ndinawapempha kuti tikumbenso kasupe, ndipo anavomera. Amuna khumi anakumba masiku anayi m'munsi mwa msewu watsopano. Anapeza matope okhaokha. Diso la kasupe linali litatsekeka, madzi atapeza njira ina pansi imene ife sitinaidziwe. Amayi a ku malaini anayamba kupita ku mtsinje, ulendo wa ola lathunthu kutsika, kubwerako kuposa pamenepo, asanapite kukatchola tiyi.

Anthu akavutika amafuna munthu woti amuloze chala, ndipo sanaloze ine. Amayi anga anaonetsetsa zimenezo. Ankauza aliyense kuti mwana wanga anayeza, madzi alipo pansipo odzaza, vuto ndi pampu. Ndipo poti pampu ili ndi mwini wake, mawu anagwera bambo wofatsa uja. Ena ankati waiononga ndi ukalamba, ena ankati amatseka dala kuti azioneka wofunika. Ana anayamba kumuimba nyimbo akamadutsa. Mkazi wake anasiya kubwera pa mpopi. Iye ankangobwera m'mawa, kutsegula kanyumba, kutsitsa tepi, osandiuza kalikonse. Ankadziwa, ndikukhulupirira kuti ankadziwa, ndipo ankadikira kuti aone ngati ndili munthu.

M'mawa wina ndikutsika kuchokera ku pampu ndinamva phokoso pa mpopi wa laini yathu. Tsiku limenelo sunatuluke ngakhale dontho. Ndowa zinali pamzere, zopanda kanthu, ndipo amayi oposa makumi atatu anali ataunjikana. Amene ankalankhula mokweza kuposa onse anali amayi anga. Ankati tatopa, tiyeni tonse kunyumba kwa bambo wa pampu tikamulande makiyi, ngati ntchito yamukanika anene. Ena anali atatola kale timitengo. Atandiona anakondwa.

"Eya, wabwera mwini wake. Tawauza iwe, mwanangu. Madzi alipo kapena palibe?"

Ndikanatha kunena kuti tikuunikabe. Mawuwo anali okonzeka pa lilime, ndinali nditawagwiritsa ntchito miyezi itatu. Ndinagwira chitsulo cha mpopi.

"Palibe, amayi. Si pampu. Bambo aja sanalakwe kanthu. Ndine."

Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Ndinati mwala ukakhala pansi umakhala wopanikizika ndipo umasunga madzi ochepa, ukatuluka umamasuka n'kumwa ambiri. Ine ndinayeza womasukawo, ndipo ndinayenera kuchotserapo, koma sindinachotsere. Ndinati madzi amene ndinakulonjezani, oposa theka kunalibe chiyambire.

Mayi wamtali wa nyumba ya kumapeto ndi amene anayamba kulankhula, ndipo sanakweze mawu.

"Kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Inu munadziwa liti kuti mwalakwitsa?"

"Mu Julayi."

"Kasupe atakwiriridwa kale?"

"Asanakwiriridwe."

"Masiku angati?"

"Atatu."

Wina kumbuyo anati mayo ine. Wina anataya kamtengo kake pansi. Palibe amene ananditukwana, ngakhale ndinali nditakonzeka. Mmodzimmodzi anayamba kutola ndowa zawo n'kulowera njira ya ku mtsinje, akundilambalala ngati chitsa. Mayi wamtali uja anatuma anzake awiri kuti adutse kwa bambo wa pampu akapepese. Posakhalitsa pa mpopi tinatsala awiri, ine ndi amayi.

Anali ataima pomwe anali paja, ndowa ili m'manja. Ndinali ndisanawaonepo akuoneka okalamba chotero. Ndinkadikira kuti anene za manyazi amene ndawachititsa, za mmene adzayendere m'malaini muno, ndipo ndinali ndi mawu opepesa okonzeka. Koma anayang'ana ndowa yawo nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa, m'Chichewa, ngati akufunsa mlendo.

"Masiku atatu amenewo, si unkadutsa kwanga tsiku lililonse?"

"Ee, amayi."

"Unakhala pa mphasa yanga. Unadya."

"Ee."

"Abwana unkawaopa, ndamva. Nanga ine? Ukanandiuza ine, ndikanapita kukakhala pansi patsogolo pa chigalimoto chija, ndipo amayi onsewa akanakhala nane. Kasupe akanakhalapo lero. Unandiona ngati ndani?"

Anadikira pang'ono, kenako anaika nkhata pamutu, anatenga ndowa yawo n'kutsata anzawo. Ndinathamangira kuti ndiwalandire ndowayo. Anaisinthira ku dzanja linalo, n'kupitiriza kutsika okha.